CULE WA M'MITENGO WOMANGA CISA M'MCENGA

Kutsidya kwa nyanja yaikuru ya Atlantic, kumadzulo kwa Africa, kuli dziko lalikuru lochedwa South America. M'dziko limenelo muli mtsinje dzina lace Amazon. Mtsinje umenewu ucokera ku mapiri a Andes m'dziko la Peru, nuyenda ca kum'mawa makilomita ngati 6,400, nukathira m'nyanja ku Brazil. Zambezi ndi mtsinje waukuru ndithu, koma utali wace sufika ngakhale theka la utali wa Amazon. Ndipo pa dziko lonse lapansi palibe mtsinje wina wosenza madzi ambiri monga umenewu. Mitsinje ina yosawerengeka, yaikuru ndi yaing'ono, ithira m'menemo. Yonseyo iyenda pakati pa nkhalango yowirira, imene mitengo yace ikumana nthambi kumwamba, kotero kuti pansi pakhala mthunzi ngakhale dzuwa liri paliombo.

M'nkhalango imeneyo mukhala acule a mitundu yambirimbiri. Ena ali ang'ono ngati cikhadabo ca munthu, ena ali ndi maanga ofiira ndi acikasu, ena abisala m'masamba obvunda osaoneka konse. Koma pakati pao pali mmodzi woyenera kumdziwa bwino, cifukwa ca ukuru wace, ndi ndeu zace, ndi nchito imene agwira pofuna kupulumutsa mazira ace. Anthu ophunzira za nyama amucha Boana boans. Dzina laciwirilo anampatsa ndiye Carl Linnaeus wa ku Sweden, m'caka ca 1758. Ndi liu la Cilatini lonena za cinthu colira mopfuula. Munthu amene anamumva usiku m'mbali mwa mtsinje sangatsutse dzinalo. Cule ameneyu sakhala ku Amazon kokha iai. Apezekanso ku Guyana, ku Suriname, ku Venezuela, ku Colombia, pa cisumbu ca Trinidad ndi ku Panama. Konseko malo ace ndi amodzi: mitengo ya m'mbali mwa madzi oyenda.

Thupi Lace

Wamwamuna wokhwima, kumuyesa kuyambira kumphuno kufikira kumapeto kwa msana, afika masentimita 10, ndi ena mpaka 13. Ndiko kunena kuti akakhala pa cikhato ca munthu wamkuru acidzaza conse, miyendo ndi kumalendewera kumbali. Mwa acule onse a m'mitengo a pa dziko lapansi, owerengeka okha ndiwo alingana naye. Pa mitundu yambiri ya acule wamkazi ndiye wamkuru, pakuti asenza mazira m'mimba. Koma pa mtundu uwu wamwamuna kawirikawiri aposa mkazi wace pang'ono. Cifukwa cace cidzaoneka patsogolo, pofika pa nkhani ya ndeu.

Khungu la pamsana pace ndi lofiirira modera, longa tsamba louma kapena khungwa la mtengo, ndipo kumimba kwace nkotuwa. Usana wonse agona pa nthambi kapena pa thunthu la mtengo, atafunya miyendo pansi pa thupi, osagwedezeka. Mbalame yofuna cakudya ikhoza kutera pafupi niuluka osamzindikira. Maso okha ndiwo akadamuulula, pakuti ali akuru ndi onyezimira. Koma cikope cace ca m'munsi ciri copyapyala, ndipo pa ico pali timizere tonga golidi, tolukana ngati ukonde. Pogona cikopeco cikwera nicibvundikira diso. Cotero kunyezimira kwa diso kubisika, koma kuwala kupyolabe pakati pa timizereto, ndipo cinthu cikayandikira iye aona cithunzi cace.

Nanga cule wolemera cotere akwera bwanji pa tsamba loterera osagwa? Zikhadabo alibe, monga ali nazo gologolo kapena buluzi. Koma kunsonga kwa cala ciri conse kuli kambale kofewa kozungulira. Ambiri ayesa kuti timbale timeneti tiyamwa tsamba, monga msundu uyamwa mwendo wa munthu woponda m'dambo. Koma si momwemo iai. Anthu amene anayang'ana ndi galasi lokuza zinthu anapeza kuti khungu la kambaleko liri logawikagawika, longa malesa a njuci, ndipo pakati pa timagawoto pali tingalande mmene muyenda madzi onanda ocokera m'thupi mwa cule. Madziwo ndiwo agwiriza cala ku tsamba. Mwana ali yense akhoza kuyesa yekha cinthu cimeneci: tsamba louma akalikhudzitsa ku mtsuko ligwa pomwepo, koma akalinyowetsa likangamira. Pofuna kucotsa phazi cule salikoka mwamphamvu, koma alimatula kuyambira mbali imodzi, monga mai amatula tsamba la nthoci pa mkate.

Pakati pa zala zace, za kumanja ndi za kumapazi zomwe, pali cikopa conga ca phazi la bakha. Cimthandiza posambira, ndiponso pokankha mcenga ndi matope. Koma cinthu codabwitsa koposa ciri pambali pa dzanja, pamene munthu ali ndi cala cacikuru. Pamenepo wamwamuna ali ndi kapfupa kakuthwa kopindika, konga munga wa kankhande. Nthawi zambiri kakhala kobisika m'khungu, koma pomenyana nsonga yace ituruka. Kale ku Roma kunali anthu ochedwa gladiator, amene nchito yao inali kumenyana ndi malupanga pamaso pa khamu la anthu kufikira wina atagwa. Cifukwa ca munga umenewu, cule uyu ndi abale ace anapatsidwa dzina lomwelo m'Cingerezi.

Dzuwa likalowa adzuka nayamba kusaka. Cakudya cace ndi tizirombo ta usiku, monga nkhululu, ziwala, mphemvu ndi agulugufe. Lilime la cule silimera kummero monga la munthu, koma kutsogolo kwa kamwa. Aliponya kunja, kacirombo nikamatirira, ndipo alibweza m'kuphethira kwa diso. Satafuna, ameza camoyo, ndipo pomeza atsinzina, pakuti maso ace atsikira m'kati nathandiza kukankhira cakudya kummero. Madzi samwa ndi pakamwa. Akhala pamalo ponyowa, madzi nalowa okha pa khungu la kumimba. Pa khungu lomwelo palowanso mpweya, kuthandizana ndi mapapu. Ndico cifukwa cace sangathe kukhala kutari ndi mthunzi ndi cinyezi. Khungu likauma, mwini wace afa.

Cisa ca m'Mcenga

Ana a m'midzi ya Malawi adziwa kuti acule ndi a dzinja. Mvula yoyamba ikagwa madambo onse asokosera, ndipo cirimwe cikafika kuli zii. Cule wa ku Amazon uyu acita zosiyana: iye abala m'nyengo imene mvula yacepa. Cifukwa cace ndi mtsinje. Ku mzinda wa Manaus, pafupi ndi pamene Rio Negro ikumana ndi Amazon, madzi akwera ndi kutsika mamita ngati 10 caka ndi caka. Ndiko kuposa msinkhu wa anthu asanu atasanjikizana. M'nyengo ya mvula magombe amira, timitsinje ta m'nkhalango tisefukira, ndipo dzira loikidwa m'madzi otere likokoloka usiku womwewo. Koma mvula ikacepa madzi aphwa, ndipo m'mbali mwa mitsinje muoneka mcenga ndi matope. M'nkhalango ya Ducke, pafupi ndi Manaus, anthu oyang'anira makhalidwe a acule anaona kuti nyengo yace ya kubala ndi kuyambira Julai kufikira Disembala.

Ngakhale madzi ataphwa, mtsinje si malo abwino a mazira. Muli nsomba zanjala, ndi tizirombo ta m'madzi, ndi mbululu za acule ena zimene zidya mazira. Ndiponso madzi oyenda sasunga kanthu pamalo pamodzi. Dzira la cule nalonso liribe cigoba monga la nkhuku; likaikidwa pouma liuma nilifa. Tsono pamtunda sipatheka, m'mtsinje simutheka. Cule uyu ali nayo njira yacitatu: adzikumbira dziwe lace lace.

Usiku wamwamuna atsika mumtengo nafuna malo pamene mcenga kapena matope akumana ndi madzi. Akhala pamenepo nayamba kutembenuka mozungulira, akukankha mcenga ndi mphuno ndi manja ndi miyendo, kuucotsa pakati ndi kuuunjika kumbali. Pang'onopang'ono pakati pazama, ndipo m'mbali muuka kakhoma kozungulira. Khomalo alisisita ndi manja kuti lisalale, monga mai wozira nyumba. Nchito ikatha paoneka dzenje longa licero, lodzala madzi odikha. Madziwo sawatunga iai. Alowa okha kupyola mumcenga. Amai amene afukula mcenga wa mtsinje wouma m'mwezi wa Okutobala, nadikira kuti madzi adze m'kadzenjeko, adziwa bwino macitidwe ace. Zisa zambiri zitsala ndi kakhwawa kozilumikiza ku mtsinje.

Si nthawi zonse amanga. Akapeza kadzenje kokonzeka kale pakati pa mizu kapena pa masamba ogwa, alowa momwemo. Mbale wace wina, wochedwa Boana rosenbergi, anamuona ku Costa Rica akuikira mazira m'maenje osiyidwa ndi ziboda za ng'ombe. Naye cule sakonda kugwira nchito imene wina wamgwirira kale.

Cisa cikatha, mwini wace ayamba kuitana. Alira kukamwa kuli kotseka. Mpweya ucoka m'mapapu nulowa m'thumba la pakhosi, thumbalo nilitupa, nilikuza mau monga zipanda za pansi pa valimba zikuza mau a timatabwa. Mau ace ali akuru, obwerezabwereza, omveka kutari m'nkhalango. Wamkazi amene mazira ace akhwima awamva natsika.

Zimene zicitika pamenepo zidziwika bwino cifukwa ca munthu wina wa ku United States, dzina lace Arnold Kluge. Iye anaceza usiku wambiri m'mbali mwa kamtsinje ku Panama akuyang'ana Boana rosenbergi, nasindikiza zimene anaona m'caka ca 1981. Anaona kuti wamkazi sabvomera msanga. Alowa m'cisa naciyendera, monga munthu wofuna kugula nyumba. Cikapanda kumkomera aturuka napita kwa wina, mwini cisa natsala akulira yekha. Cikamkomera akhala, ndipo acikonzanso monga afuna iye mwini.

Kukonzanso kumeneku kunasokeretsa munthu wina wanzeru. Emil Goeldi wa ku Switzerland, amene anakhala zaka zambiri ku Brazil, analemba m'caka ca 1895 za mbale winanso wa cule uyu, amene anthu a kumeneko amucha wosula zitsulo, cifukwa kulira kwace kunga nyundo yomenya pa citsulo. Goeldi anaona wamkazi akuumba khoma, wamwamuna ali phee pamsana pace, nayesa kuti mmisiri ndi mkazi yekha. Amene anayang'ana pambuyo pace anapeza kuti mwamuna ndiye amanga poyamba, mkazi asanafike. Goeldi sananame, anaona mathero a nchito, ciyambi cace osaciona.

Poikira, wamwamuna amgwira mkazi m'khwapa ali pamsana pace, ndipo pamene mazira aturuka iye awathira mbeu yace. Mkazi mmodzi wa Boana boans aikira mazira 1,300 kufikira 3,000 nthawi imodzi. Ali ang'ono ngati njere za mawere, okutidwa ndi madzi onanda onga therere. Ndipo samira pansi, koma ayalika pamwamba pa madzi, dzira pambali pa dzira, monga mphasa yoyala. Kutaca mkazi wapita, ndipo sabweranso kudzawaona.

Apa ndi pamene pagona moyo kapena imfa ya mazirawo. Pamwamba pa madzi odikha pali ngati kacikopa kosaoneka ndi maso. Singano youma, munthu akaigoneka bwino pa madzi a m'mbale, iyandama ngakhale iri yacitsulo. Koma akagwedeza mbaleyo imira. Mazira a cule alendewera pa kacikopa komweko. Ndipo ayenera kukhala pamenepo, pakuti dzira liri lamoyo, lipuma. Madzi a m'cisa ali ofunda ndi osayenda, ndipo pansi pace mpweya uli wocepa. Kufundako kuli ndi ubwino wace, cifukwa kufulumiza kukula kwa mwana m'dzira. Koma dzira likamira libanika nilifa. Mvula yamphamvu ya usiku umodzi ikhoza kumiza mazira onse. Comweconso cule wina akalumphira m'cisamo: kungoti cubwi kamodzi, nchito yonse ya mwamuna ndi ya mkazi yapita pacabe.

Ndeu

Malo abwino omangapo sacuruka, ndipo cisa comanga kale cikopa amene alibe. Tsono amuna alimbirana. Mlendo akayandikira, mwini cisa asintha mau. Aleka nyimbo yoitana mkazi nayamba kudzuma mocenjeza. Kawirikawiri pamenepo mlendo abwerera. Akapanda kubwerera alumphirana, nagwirana cifuwa ndi cifuwa, nagubuduzana m'matope, yense akuyesa kulasa mnzace ndi munga wa pa dzanja. Malo oopsa ndi kumaso ndi kumakutu. Khutu la cule ndi kacikopa kozungulira kumbuyo kwa diso, kopyapyala ngati ka pa ng'oma yaing'ono, ndipo munga ukakabaya kabooka. Kluge anapeza amuna ambiri ali ndi zipsera, ena makutu obooka, ena diso lotudzuka, ndipo ena anafa ndi mabala ao.

Apa cioneka cifukwa ca ukuru wa wamwamuna. Pa ndeu yotere wamkuru ndi wa mikono yolimba ndiye atsala ndi cisa. Wotsala ndi cisa ndiye apeza mkazi. Ndipo ana atengera msinkhu wa atate wao. Zikacitika comweco mibadwo yosawerengeka, amuna a mtunduwo akhala akuru ndi a minga yakuthwa.

Kluge anaonanso kuti pamene amuna ali ambiri pamalo pamodzi, atate sacoka mazira ataikidwa. Akhala pa khoma kapena pafupi, nalonda kufikira mazira ataswa, napitikitsa cule ali yense wofuna kulowamo. Pamene amuna ali owerengeka, salonda. Sikuyenera kunena kuti cule akonda ana ace monga munthu akonda ace, pakuti mbululu zikaswa iye sazidziwanso. Koma ulonda wa masiku awiri kapena atatu amenewo upulumutsa ana ambiri.

Mbululu

Patapita masiku awiri kapena atatu mazira aswa. Timbululu tatsopano sititha kusambira bwino. Tikhala pamwamba pomwepo, titatambasula tiziwalo topumira tonga ulusi, tocokera m'mbali mwa mutu. Tikakula pang'ono tituruka m'cisa, tina podzera pa kakhwawa kaja, tina pamene madzi akwera nagumula khoma. Tsopano mbululu ziri m'mtsinje, pakati pa nsomba zomwe zija. Koma zinthu ziwiri zizichinjiriza. Coyamba, thupi lao liri lotuwa ngati mcenga wa pansi pa mtsinje pamene zikhala, ndipo sizioneka msanga. Caciwiri, sizikoma, nsomba imene yalawa imodzi iilabvula.

Zidya ndere ndi zobvunda za pansi pa madzi, kuzipala ndi timano tating'ono. Masabata akapita thupi liyamba kusinthika. Miyendo ya kumbuyo ndiyo iyamba kuphuka, pambuyo pace manja. Mapapu akula, kukamwa kutambasuka, ndipo matumbo aatari ogayira ndere afupika kuti ayenere cakudya ca tizirombo. Mcira suduka, monga ayesa ena. Thupi liumwa pang'onopang'ono, ndipo ndiwo kamba wa kaculeko m'masiku amene kukamwa kuli kusinthika, pamene sikatha kudya kanthu. Potsiriza katuruka m'madzi nikakwera pa muzu kapena pa tsamba, kakali kang'ono ndithu, nikayamba ulendo wa kumitengo.

Mwa mazira 3,000 aja, ofika pamenepa ndi owerengeka, ndipo ofika pa msinkhu wa kubala ndi ocepa koposa. Njoka, mbalame ndi akangaude akuru atenga gawo lao. Koma masamu ace ndi apafupi: acule awiri, mwamuna ndi mkazi, akasiya ana awiri okha okula ndi kubala pa moyo wao wonse, mtundu sucepa. Onse akadakula, m'zaka zocepa nkhalango ikadadzala acule, nthambi ndi kumathyoka.

Omanga Zisa a ku Africa

Acule a banja la Boana kulibe ku Malawi, ngakhale m'maiko ena onse a kumwera kwa cipululu ca Sahara. Koma kuli cule wina wa m'mitengo, wa banja lina, amene bvuto lomwelo ali nalo, ndipo njira yace ndi ina. Apezeka m'zigwa zotentha, monga ca Shire, ca Luangwa ndi ca Zambezi. Ali wotuwa, ndipo dzuwa likatentha ayera ngati phulusa; wamkazi afika masentimita 8 kapena 9. Wilhelm Peters wa ku Germany anamtola ku Tete ndi ku Sena, namucha Chiromantis xerampelina m'caka ca 1854. Ameneyu samanga pansi, koma m'mwamba. M'dzinja mkazi akwera pa nthambi yolendewera pamwamba pa thamanda, naturutsa madzi onanda, nawapuntha ndi miyendo ya kumbuyo, kawirikawiri amuna angapo ali naye, kufikira pakhala thobvu loyera lalikuru ngati dzungu laling'ono. M'thobvumo aikira mazira. Kunja kuuma nikulimba, m'kati mukhala monyowa, ndipo patapita masiku ngati asanu mbululu zigwera m'madzi. Anyamata oweta mbuzi ndi ng'ombe aliona kawirikawiri thobvu limeneli. Wolikantha ndi ndodo pongosewera apha ana mazana ambiri nthawi imodzi.

Ku Cameroon ndi ku Equatorial Guinea kuli cule wamkuru woposa onse a pa dziko lapansi, wochedwa Goliath, wofika masentimita 32 ndi wolemera makilogalamu oposa 3. Iye si wa m'mitengo. Akhala pa miyala ya m'mitsinje yothamanga. M'caka ca 2019 kunadziwika kuti nayenso akonza maiwe a mazira ace m'mbali mwa mtsinje, nasuntha miyala yolemera mpaka makilogalamu 2.

Nkhalango ndi Mtsinje

Boana boans sali m'gulu la nyama zimene ziri pafupi kutha. Dziko lace ndi lalikuru, ndipo acule a mtunduwu akali ambiri. Koma si acule onse ali pabwino comweco. M'caka ca 2023 anthu ophunzira anatsiriza kufufuza mitundu yoposa 8,000 ya acule ndi abale ao, napeza kuti pa mitundu 100 iri yonse, 41 iri pangozi ya kutha. Cifukwa cacikuru ndi kuonongeka kwa malo ao. Ku Brazil anthu agwetsa kale pafupifupi gawo limodzi la magawo asanu a nkhalango ya Amazon, makamaka kuyambira zaka za m'ma 1970, ndipo malo ambiri osadzulawo asanduka mabusa a ng'ombe. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikagwa, mthunzi ucoka. Mvula ikokolola dothi nilikwirira mcenga. Ndipo madzi amene kale anali kukwera pang'onopang'ono adza mwadzidzidzi nasesa zisa. Okumba golidi nao abvundula mitsinje, nathiramo mankhwala aululu ochedwa mekyule. Nyama imene imwa ndi kupuma ndi khungu siitha kudzitsekera ku zinthu zotere.

M'zaka za 2023 ndi 2024 kunagwa cirala coopsa, kotero kuti Rio Negro ku Manaus inatsika kuposa nthawi ina iri yonse ciyambire kuyesa madzi ace m'caka ca 1902. Cule womanga m'cirimwe afuna madzi otsika, koma mtsinje wouma saufuna; mcenga wopanda madzi pansi pace sudzaza cisa.

Nkhalango ya Ducke ija inapatulidwa m'caka ca 1963 kuti isadulidwe. Iri makilomita 10 m'litali ndi makilomita 10 m'mimba mwace, ndipo pa nthawi imeneyo inali patari ndi mzinda. Lero Manaus ali ndi anthu oposa 2,000,000, ndipo nyumba zafika pa malire peni peni a nkhalangoyo. M'kati mwace timitsinje tikali kuyenda pansi pa mthunzi, ndipo mwezi wa Julai ukafika, madzi ataphwa, acule aja atsika m'mitengo nayamba kukumba.